Kukamalizitsa Kanema wa Atsibweni ku Mphunzi

Ndinatuluka m'nyumba mwanga ku Kawale Loweruka m'mamawa, TV nditaikulunga m'bulangete ngati khanda, fulashi yokhala ndi kanema nditaimanga pamfundo ya chitenje. Mayi woyandikana nane nyumba anaimitsa tsache n'kundifunsa ngati ndikuzemba lendi. Ndinati ayi, ndikupita ku Dedza kukaonetsa kanema. Anaseka mpaka kutsamira khoma. Ine ndinangopitirira, chifukwa ndikayamba kuyankhana ndi munthu m'mawa sindichedwa kupsa mtima, ndipo tsiku limenelo mtima ndinkaufuna wonse.

Mwina nanunso mukuseka, ndiye taimani ndikuuzeni. Atsibweni anga a Damiyano, alongo awo a malemu mayi anga, amakhala kumudzi kwathu kunsi kwa phiri la Mphunzi. Ndi amene anandilera mayi atatisiya, bambo atatola khasu lawo kubwerera kwawo monga amachitira akamwini. Atsibweniwo ali kamnyamata, wansembe wina wachizungu anabweretsa makina a kanema ku mishoni, n'kupachika nsalu yoyera pakhoma la sukulu. Kanemayo anali wa ku Mangalande, wakuda ndi woyera basi. Munthu wapha mnzake pandewu, apolisi ali pambuyo pake, ndipo iye akuthawa ndi kamtsikana konyamula nkhunda m'kabokosi. Poti Chizungu panalibe wochimva, katekisiti anaima pambali pa nsaluyo n'kumamasulira. Nkhani itafika pokoma, awiriwo atabisala m'khola la nkhosa, agalu a apolisi akununkhiza pachitseko, injini yamagetsi inatsokomola n'kuzima. Wansembe analonjeza kuti adzamalizitsa Lamulungu linalo. Lisanafike Lamulungulo anamusamutsa, makina ndi kanema yemwe n'kupita naye.

Kuyambira pamenepo atsibweni akhala akufotokoza kanemayu paliponse, kumunda, poumba njerwa, ngakhale kumanda pokumba. Ife tinakula tikuidziwa nkhunda ija ngati ndi ya pakhomo pathu. Ndipo nthawi zonse akafika pakhola paja amatambasula manja n'kunena kuti kaya anamugwira, kaya.

Chaka chatha maso awo anayamba kuvuta. Ndinapita nawo kuchipatala ndikuganiza kuti ndi ng'ala yoti angopala, koma dokotala anandiitanira pambali nati si ng'ala ayi, ndi mtsempha wa diso umene ukufa, ndipo ukafa subwerera. Lamanzere linali litapita kale. Lamanja latsala kabowo pakati, eni ake amati zili ngati kusuzumira m'nsungwi, ndipo kabowoko kakunka kachepa. Ndinalira ulendo wonse wobwerera ku Lilongwe. Kenako ndinati zambiri sindingathe, koma m'khola muja ndiwatulutsamo diso lisanatseke.

Ndimagwira ntchito pashopu yotayipa ndi kusindikiza mapepala, ndiye kompyuta ndili nayo pamphuno. Ndinasaka miyezi ndithu, dzina la kanema osalidziwa, ndikungolemba za nkhunda ndi nkhosa ngati wozungulira mutu. Azungu ovala zipewa ndi majasi amene ndawaonera, abale inu, angadzaze mudzi. Tsiku lina kamtsikana kanangotulukira pakompyuta kabokosi kali kukhwapa, ine n'kukuwa mpaka kasitomala kugwetsa mapepala ake. Ndinaonera kufika pakhola, agalu atangofika, n'kuzimitsa. Kumapeto ndinalumbira kuti sindikuona ndekha, ndikaonera limodzi ndi eni ake. Chinthu chimodzi chokha chinandidabwitsa. Atsibweni nthawi zonse ankati bambo wothawayo ndi atsibweni ake a kamtsikanako, koma Chizungu cha m'kanemamo chinkanena zina. Ndinangoti katekisiti anaphonya, ndikakonza ndikafika, n'kumadzimva kuphunzira.

Ku depoti ndinafika dzuwa likungotuluka. Oitanira atatu anandithamangira, aliyense kugwira ngodya yake ya bulangete, wina akukokera ku minibasi ya ku Ntcheu, wina ya ku Dedza, wachitatuyo kaya ankakokera kuti. Ndinawakalipira kuti woswa TV imeneyi agona kupolisi lero, onse n'kusiya nthawi imodzi mpaka inatsala pang'ono kugwa. Kondakitala anati kukafika pamphambano ya ku Mphunzi ndi K8,000, ndipo katunduyu alipire mpando wake. Ndinamufunsa kuti mwana wa pamiyendo anayamba liti kulipira. Anandiyang'ana, anayang'ana bulangete.

"Lowani mayi," anatero, "koma mwana wanuyo ndi wamakona."

Minibasi inkaoneka yodzaza, koma nditangokhazikika anthu anayi anatsika mmodzimmodzi, kunali kungokhalira mipando kuti atikope. Tinadikira mpaka dzuwa kuyamba kutentha malata a depoti. TV inandiyambira m'mawondo kulekeza pamphuno, moti Lilongwe ndinamutsanzika ndi ngodya ya diso. Pambali panga panakhala bambo wina wonyamula mtolo wa matumba opanda kanthu, ankapita ku Chimbiya kukapikula kachewere. Anayamba ndi kundifunsa ngati ukwati watha, poti mkazi wonyamula TV kupita kumudzi kawirikawiri nkhani yake imakhala imeneyo. Ndinamuuza kuti ukwati wanga usamudyetse mutu, kenako, poti ulendo ndi kucheza, ndinamufotokozera zonse.

Pofika pa Nathenje minibasi yonse inali itasanduka bwalo la milandu. Bambo wa matumba anati anamugwira basi, galu wa mzungu saphonya. Mayi wina kumbuyo, wonyamula nkhuku yomanga miyendo, anati iye za bamboyo alibe nazo ntchito, akungofuna adziwe ngati nkhunda inapulumuka. Kondakitala, yemwe anati makanema onse a padziko lino anawaonera m'mavidiyo a ku Mchesi, anatitsimikizira kuti kumapeto kumabwera helikopita. Ndinamuuza kuti nthawi imeneyo agogo ake anali asanavale ndi nsapato yomwe, nanji helikopita. Dalaivala ankangopukusa mutu uku akuzemba maenje.

Tisanawoloke Diamphwe tinapeza apolisi atatchinga msewu ndi migolo. Wapolisi anasuzumira pawindo, maso ake n'kutera pabulangete. Anati nditsike nayo. Anafunsa lisiti. Lisiti ya TV yogula kalekale, mphemvu zinadya kale imeneyo! Anati masiku ano ma TV akubedwa m'tauni n'kumakagulitsidwa kumidzi, ndiye itsale kaye pomwepo mpaka ndibweretse umboni.  Ndikanati ndibwerere ku Kawale kukasaka mboni, tsiku likanatha, ndipo ine tchuthi china n'cha pa Khirisimasi. Diso lija silikanandidikira.

 Anandiwombola ndi a m'minibasi. Bambo wa matumba anatsika osaitanidwa n'kuyamba kufotokoza nkhani yonse, ndipo anaithira mchere mpaka atsibweni anasanduka munthu wogona pamphasa, wodzozedwa kale mafuta a odwala. Mayi wa nkhuku anatulutsa mutu pawindo kuwonjezerapo za nkhunda. Wapolisi anamvetsera chala chili pachibwano.

"Ndiye anamugwira?" anandifunsa.

"Sindikudziwa, bwana. Sindinaonere."

"Kanema muli naye, koma simunaonere?"

"Ndikudikira eni ake."

 Kenako anandikonzera yekha bulangete pangodya pomwe linavundukuka, nati wakuba sangapeke bodza lotopetsa chonchi, ndizipita.

Pa Chimbiya tinaima kanthawi ndithu. Bambo wa matumba anatsika atandilamula kuti ndikapereke moni kwa odwala aja anawagoneka pamphasa. Ogulitsa anazinga minibasi ndi tomato, anyezi, kabichi ndi kachewere wa m'ndowa, aliyense akulowetsa dzanja pawindo. Ndinagula chipisi cha pachiwaya cha K1,500, chothira kabichi ndi tsabola, koma kudya kwake inali ntchito poti manja anali pa TV. Mayi wa nkhuku anandigwirira kajumbo, ine n'kumatola ndi zala ziwiri. Kuzizira kwa Dedza kunayambira pomwepo. Unali mwezi wa June, ndipo kupitirira Linthipe mapiri anali atafunda nkhungu, mphepo ikulowa pawindo losatsekeka ngati yachita kutumidwa. Bulangete ndinali nalo, inde, koma linafunda TV.

Pamphambano ndinatsika cha m'ma 10 koloko, a m'minibasi akundibayibitsa ngati ndikupita kunkhondo. Anyamata a kabaza anandizinga ndi njinga zawo zamoto. Ndinasankha wamkulupo, bambo wa jekete long'ambika pachigongono, chifukwa anyamata a masiku ano amayendetsa ngati anasiya moyo wina kunyumba. Iye ankayesa ndikupita kukaona zojambula za makolo za pamiyala, poti alendo ambiri otsika pamenepo amapita kumeneko. Nditamutchulira mudzi anati K4,000, ndipo atamva kuti m'bulangete muli galasi analonjeza kuyendetsa ngati wanyamula mazira. TV tinaiimika pakati pa iye ndi ine. Titangonyamuka mphepo inaigwira, njinga n'kuyamba kuvina. Tinaima, tinaitembenuza chammbali, ine n'kuipanira kukhwapa nsonga yake itatsamira pantchafu, ndipo tinapita choncho, chokhotakhota.

Msewu wake ndi wafumbi lofiira, wa mikwasa yosiyidwa ndi mvula ya dzinja. Tinadutsa madimba a kabichi, amayi akukumba kachewere m'mizere, ngolo ya ng'ombe yodzaza mapesi imene inakana kutipatukira mpaka ndinachita kumukalipira mwini wake. Pakamtsinje kena mlatho wake ndi mitengo ya bulugamu yogoneka, ina yothyoka. Wakabaza anati iye ndi njinga awoloka, koma za galasilo salonjeza. Ndinatsika, ndinapinda mpango kupanga nkhata, TV pamutu, n'kuwoloka wapansi monga ndinkawolokera ndi mtolo wa nkhuni ndili mtsikana. Iye anawomba m'manja kutsidyako nati tauni sinandiwononge.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Atsibweni anali pakhonde akutong'ola chimanga m'lichero. Ndikadali kutali, pamtengo wa pichesi wa kumalire a bwalo, anaimirira n'kukuwa kuti Vero uyo, wanyamula chitseko! Ndinakondwa kuti diso likadalipo. Koma nditafika pafupi n'kugwada kuti ndipereke moni, nkhope yawo inayamba kundisaka. Anatembenuza mutu uku ndi uku, kenako anangogwira dzanja langa n'kumalisisita. Anati kutali kuja anandiona yense, pafupi pano akungoona mphuno. Anaseka, ine ndinaseka nawo, koma mumtima munandipweteka zedi.

Akazi awo, anaPhiri, anali atalengeza kale kumphakati, kagulu kathu ka akhristu a pamudzi, ndipo nkhani ikafika kumphakati ndiye kuti yafika mudzi wonse. Anandipatsa thobwa ndi kachewere wophika ndi nyemba, nati ndidye msangamsanga poti anthu ayamba kale kusonkhana kukatchalitchi kathu. Magetsi kwathu kulibe. Wometa wa pagolosale anabwereketsa batire lake la sola ndi inveta, koma atsibweni anakana kuchoka pakhonde mpaka lipezeke batire lachiwiri. Anati injini inawapusitsapo kamodzi, kachiwiri ayi. Lachiwirilo linachokera kwa aphunzitsi ena opuma ntchito, litakwera wilibala.

Cha m'ma 2 koloko masana tinatseka mawindo ndi zitenje, TV tinaiika patebulo la kutsogolo titasuntha maluwa apulasitiki. Anthu anadzaza, amayi mbali yawo, abambo mbali yawo, ana pansi. Atsibweni anawakhazika pampando wokhawo wotsamira, umene amakhalapo wansembe akabwera, kutsogolo kwenikweni, mawondo kutsala pang'ono kugunda tebulo. Ndi mmene timachitira kwathu. Munthu wamkulu, komanso mwini nkhani, malo ake ndi kutsogolo.

Ndinalowetsa fulashi, nyimbo inayamba, anthu onse zii. Patapita kanthawi atsibweni anafunsa ngati wayamba. Ndinati wayamba. Anati akuona chinthu chotuwa, kaya ndi khutu kaya ndi khoma. Anasendeza mpando kufupi, zinangoipiraipira. Wina anati mawindo sanatsekedwe bwino, wina anati tiwasendezenso pang'ono. Atsibweni anatsamira n'kunena chapansipansi kuti basi, tachedwa nazo, anawa aonere.

Mawu amenewo anandilasa. Ndinaima pamenepo limoti ili m'manja, misozi ili pafupi. Kenako ndinakumbukira za pamtengo wa pichesi paja, kuti kutali anandiona yense. Ndinaimitsa kanema n'kunena kuti mpando upite kumbuyo, kuchitseko. Tchalitchi chonse chinang'ung'udza. Mkulu wa mphakati anaimirira nati kuchitseko ndi kwa ana ndi ochedwa, munthu wamkulu sitingamukhazike kumeneko pamaso pa akamwini ake. Ine mkwiyo unali utafika kale pakhosi. Ndinati ulemu wawowo ndi wabwino, koma sindinasenze TV kuchokera ku Lilongwe kuti atsibweni adzaonere khutu. Mpando ndinaunyamula ndekha. AnaPhiri anawagwira dzanja amuna awo, ana anapatuka, n'kukawakhazika kumbuyo kwenikweni, msana utagunda chitseko.

Ndinayatsanso. Kamtsikana kanatulukira pamakwerero a nyumba, kabokosi kukhwapa. Atsibweni anamenya ndodo pansi.

"Ndi kameneka! Ndikukaona konse, ndi miyendo yomwe. Ndi kameneka, anthuni!"

AnaPhiri anaimba nthungululu m'tchalitchi momwemo.

Ndinayesa zovuta zatha. Ndinaima pambali pa TV monga anaimira katekisiti uja, n'kuyamba kumasulira mwamatama. Ndinati bamboyu ndi mlendo mumzindamu, kamtsikanaka sakukadziwa n'komwe, kangomuona akumenya mnzake, ndiye wakatenga poopa kuti kakaulula.

"Taimitsa," anatero atsibweni. "Mlendo uti?"

Ndinabwereza. Anapukusa mutu. Anati katekisiti anawauza bwinobwino kuti bamboyo ndi atsibweni ake a mwanayo, wafayo ndi mkamwini wankhanza amene ankazunza mwana, ndipo bamboyo akuthawitsa mbumba yake. Ndinati Chizungu sichikutero, ndamva ndi makutu angawa, ndipo kwa azungu atsibweni alibe mphamvu pa mwana ngati kuno. Apa ndiye ndinaputa mavu. Amayi achikulire anandiukira onse pamodzi. Mwamuna anganyamule bwanji mwana wosakhala wa mlongo wake? Akamudyetsa monga ndani? Katekisiti uja, mzimu wake uuse mumtendere, anaphunzira kwa azungu enieni, ine Chizungu changa n'cha pakompyuta.

Ine ndikadziwa kuti ndikulondola sindibwerera m'mbuyo, ndi mmene ndinabadwira. Ndinakweza mawu, iwonso anakweza awo. Ndili mkati moyankha ndinaona atsibweni akufufuza ndodo yawo pansi.

"Ngati ndi mlendo, si kanema wanga ameneyu," anatero mosakweza mawu. "Wanga anali wa munthu ndi mwana wa mlongo wake. Wavutika chabe, mwanawe."

Anayamba kudzuka, ndipo chitseko chinali pamsana pawo pomwepo, ndinachita kuwafikitsapo ndekha. AnaPhiri anadutsa pakati pa mabenchi, anandigwira pachigongono n'kundinong'oneza.

"Iwe, wabwera kudzawina mlandu kapena kudzawaonetsa?"

Ndinameza malovu, owawa ndithu. Ndinatsitsa mawu a TV mpaka azungu kumangogwedeza milomo, n'kunena kuti pepani atsibweni, ine ndine mwana, kanemayu mwini wake ndinu, masulirani inuyo. Atsibweni anachotsa dzanja pachitseko. Kenako anabwerera pampando, anakonza pakhosi, nati ndiyatse.

Abale, zimene ndinaona tsiku limenelo! Nkhalamba ija inatulutsa mawu amene sindinawamvepo, okwera, a pamsonkhano, ndipo okalamba anzawo anati ndi mawu enieni a katekisiti uja. Ankanena chinthu chisanachitike. Akati tsopano aba buledi pawindo, bamboyo n'kubadi buledi. Akati taonani agwa m'matope, n'kugwadi, tchalitchi chonse m'manja. Pena ankaphonya, akati kukubwera galimoto n'kutulukira ng'ombe, koma ankangoti apa azungu asinthapo, anthu n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Bamboyo akamalankhula ndi kamtsikana, atsibweni ankamupatsa mawu athu, tiye mwana wa mlongo wanga, usalire, kwa agogo ako si kutali. Ndipo ndikuuzeni zoona, zinkagwirizana. Mmene ankakafunditsira jekete, mmene ankakapatsira buledi iye n'kumatola nyenyeswa, palibe akanatsutsa. Ine wa Chizungu ndinangokhala pabenchi kukamwa kuli yasa.

Ndiye inafika mvula, mapiri, khola la nkhosa. Awiriwo analowa n'kunjuta pakati pa nkhosa. Agalu anatulukira pamtunda, anatsetsereka mpaka pachitseko. Mawu a atsibweni anangoduka. M'tchalitchi munkangomveka kulira kwa inveta.

"Ine ndinalekezera apa," anatero. "Vero, tenga."

Ndinadzuka, ngakhale kuyambira pamenepo nanenso sindinkadziwa kanthu. Ndinakweza mawu a TV. Lilime ndinalisamala, sindinati mlendo, sindinati atsibweni, ndinkangoti munthu uja. Munthu uja anatsegula chitseko yekha, nkhosa zonse n'kutuluka nthawi imodzi, agalu kusokonezeka, apolisi kugwa chagada m'matope, iye ndi mwana n'kutulukira kumbuyo kwa khola. Tchalitchi chinaphulika. Atsibweni anaimirira ndodo ili m'mwamba, akukuwa kuti sanamugwire, pakhola sanamugwire! Abambo ena okalamba, omwe nawonso anali pansalu paja ali ana, ankagwirana chanza ngati timu yawo yagoletsa. Ine ndinkaseka uku misozi ikutuluka, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Koma kanema anali asanathe. Awiriwo anafika pakasiteshoni kakang'ono, sitima ya katundu ikufuka utsi. Munthu uja anakakhazika kamtsikana pabenchi, anakafunditsa jekete lake, anakauza kuti kadikire pomwepo anthu abwino akapeza. Sitima itayamba kuyenda anathamanga n'kudumphira m'bogi. Wapulumuka. Ena anayamba kuwomba m'manja koma anasiyira panjira, chifukwa kamtsikana kanali katadzuka. Kanathamangira sitima m'njanji momwemo, kabokosi kukhwapa, kutsogolo kuli mlatho wautali wa mipata, pansi mtsinje. Kanapunthwa, kanadzuka, kakuthamangabe. Apa ndinasiya kumasulira, panalibe choti n'kumasulira.

Munthu uja anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kumbuyo, n'kudumpha. Anagubuduzika m'miyala, anadzuka akutsimphina, anakawakha kamtsikana katangoponda thabwa loyamba la mlatho. Mmene ankatembenuka, galimoto ya apolisi inali itaima kale pasiteshoni. Sanathawe. Anakakweza paphewa, nkhunda ili bwinobwino m'kabokosi, n'kuyenda yekha kupita kwa iwo. Nyimbo inakwera, zilembo zinatuluka, basi.

Anthu sanadzuke msanga. Amayi ankapukuta m'maso ndi nsonga za zitenje, abambo ankatsokomola chifuwa chimene analibe. Ndinapita kumbuyo n'kugwada pambali pa mpando. Atsibweni anali akuyang'anabe TV, misozi ikutsika m'maso onse awiri, lakufa ndi lamoyo lomwe.

"Vero, ukuti anali mlendo?"

"Chizungu chikutero, atsibweni."

"Chizungu chinene zake. Sitima inali itanyamuka, iye ali m'kati. Mlendo akanatsika?"

 Ndinkayesa kanema ndabwera naye ine, koma ine ndinangobweretsa mapeto ake, kanema mwini anali kumudzi kale, m'mutu mwa nkhalamba. Ndikanapitiriza kukakamira kulondola kwanga, ndikanawina mlandu m'tchalitchi mopanda munthu. TV ndinaisiya komweko, ndipo mawa lake titatuluka kumapemphero ndinabwerera ku Lilongwe manja ali m'thumba, mtima uli mbee, ndikuimba pakabaza ngati woledzera.

Koma masana a Lowerukalo, anthu atayamba kuchotsa zitenje m'mawindo, atsibweni anakweza ndodo nati asiye kaye. Anandisaka ndi dzanja mpaka anandipeza paphewa.

"Ubweze pasitima paja, mwanawe. Ndimuonenso akutsika, diso likadalipo."

Ndinabweza.